Kuteteza Banja Kapena Kuzemba Ngongole?

Mkhristu akalandira masamoni a khoti chifukwa cha ngongole ya pa kirediti kadi, mantha angamukankhire kukalembetsa nyumba m'dzina la mbale wake. Kodi kumeneko n'kuteteza banja? Ayi, n'kubisa chuma, pakuti Katekisimu wa Mpingo wa Katolika pa nambala 2411 amati chilungamo chimalamula kubweza ngongole. Komabe Deuteronomo 24:6 amaletsa wobwereketsa kutenga mphero ngati chikole, popeza banja limadyera pomwepo. Choncho wangongole ayankhe masamoniwo nthawi isanathe, chifukwa akangokhala chete khoti likhoza kugamula iye kulibe. Afunse loya, atsutse chiwongoladzanja chosayenera, avomere zimene anatengadi, napemphe kubweza pang'onopang'ono. Ana amafunikira pogona, komanso kholo lonena zoona.