Mowa wa M'citini: Kodi Capafupi Ndiye Cabwino?

Amai anzanga, nchito ya cimera muidziwa. Mumanyika mawere kapena cimanga m'madzi, mubvundikira mpaka zimere, muyanika padzuwa, kenaka mukagayitsa. Mowa wa masiku asanu ndi awiri sunali kubisika. Nkhuni, utsi, migolo ndi fungo zinali kuuza mudzi wonse kuti kwa auje akufulula.

Kwina nchito yonseyi anaidula. Ku Britain, kuyambira 1963, munthu aloledwa kufulula mowa wakumwa pakhomo pace popanda laisensi. Masitolo a kumeneko amagulitsa cimera ca barele cophika kale, conanda ngati uci, cotsekera m'citini. Wogula angocisungunula m'madzi otentha, nathira kilo imodzi ya shuga, madzi ozizira mpaka malita 23, ndi yisiti. Ciwira sabata imodzi, cikhala m'mabotolo masabata awiri, basi mowa wapsa. Palibe utsi, palibe mnansi woona.

Tsono funso langa kwa inu ndi ili: cinthu cikapepuka, kodi casanduka cabwino?

Thukuta la kufulula linali ngati mpanda. Mai anali ndi masiku ambiri oganiza, ndipo anzace a Cigwirizano anali ndi mpata womcezera mowa usanapse. Mpandawo ukagwa, catsala ndi cikumbumtima cokha. Ife a m'Zambia taonapo kale cimene mowa wosabvuta kupeza umacita. Tujilijili tinali totsika mtengo, tolowa m'thumba la mwana wa sukulu, mpaka boma linatiletsa mu 2012.

Mwina mudzati, "Mowa wa m'citini ndi waukhondo, si kacasu." Zoona, koma mowa waukhondo umaledzeretsabe. Wina adzati, "Ndine wamasiye, ana afuna yunifomu ndi nsapato." Mau amenewa ndi olemera, tisawapeputse. Komabe funsani: ndalama imene ilowa m'cikwama canu yacokera kuti? Kawirikawiri ndi ya ufa wa mai mnzanu, amene usiku womwewo adzatsegulira citseko mwamuna woledzera. Ana anu adya, ace agona ndi njala.

Ndipo ife otsala tisathamangire kuloza cala. Ngati mlongo wathu walowa m'mowa cifukwa ca umphawi, kodi tinali kuti pamene nkhokwe yace inatha? Kumdzudzula popanda kumthandiza kampamba ka zitumbuwa, tomato kapena nkhuku ndi cinyengo.

Kumbukirani thobwa. Cimera cace ndi comweco. Timwetsa ana, odwala, alendo ndi olira maliro, ndipo onse abwerera kwao ali bwino. Mukalisiya masiku ambiri, lisasa n'kuyamba kuledzeretsa. Cimera cilibe mlandu. Amasankha ndi mwini mphika.

Cotero, amai, njira yacidule ikafika pakhomo panu, kaya ndi ya m'citini kaya ya mumgolo, musafunse cabe kuti itenga masiku angati. Funsani kuti cidzamwedwa ndi yani, nanga akamwa, kwao kudzagonedwa bwanji.