Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako

Lachiwiri lapitali alamu anga anafika kunyumba m'mamawa, mwana ali kumbuyo. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akupotokola nsonga ya chitenje asanatchule chimene anadzera: ndalama ya thumba limodzi la feteleza. Ndinawapatsa, koma tsiku lonse mtima unali kuwira, chifukwa chaka chatha nthawi ngati ino banja limenelo silinkapempha kwa munthu. Mng'ono wanga anali ndi njinga yamoto ya kabaza, yakeyake, yopanda ngongole. Madzulo ankabwera ndi kandiwo m'jumbo, ana akudya.

Njingayo inathera pa masese. Mng'ono wangayo si chidakwa ayi. Chake chinali chipanda cha Loweruka madzulo kwa mayi wina wofulula kuseri kwa msika. Mu Disembala kunafika mnzake wa kuubwana kuchokera ku Joni, nsapato zowala, foni yaikulu ngati mbale, akugulira mowa bwalo lonse. Chipanda chitazungulira kangapo anamugwira paphewa. “Amwene, inu ndi mutu wanuwu mukufera fumbi la kabaza? Tiyeni ku Joni. Pogona alipo, ntchito ndikupezerani ine.” Pofika Febuluwale njinga inali itagulitsidwa, munthu ali m'basi ya ku Mwanza, kudzera ku Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge.

Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Ambiri timaumva mwambiwu ngati chenjezo la mnzako wa mtima woipa. Ine ndikuti umaluma kwambiri pa mnzako wokukonda, chifukwa woipa umamuchenjerera, pamene wokukonda umamutsegulira mtima wonse. Sindikhulupirira kuti mnyamata uja ananama dala. Polankhula ankamva chikondi chenicheni, mowa ukumuthandiza. Koma mawu olimbikitsa satuluka m'thumba. Iye anataya malovu, mng'ono wanga anataya njinga.

Pamowa mafunso amene ali ofunika safunsidwa, poti wofunsa amaoneka wamantha. Ndani akanadula nthabwala n'kunena kuti pasipoti ya Malawi imakupatsa masiku 30 okha ku South Africa, ndipo masikuwo ndi ochezera, osati ogwirira ntchito? Ndani akanatchula Lindela ku Krugersdorp, kumene amasungira anthu opanda mapepala podikira kuwabweza kwawo? Ndani akanakumbutsa za 2008 ndi 2015, pamene Amalawi anabwera pa mabasi atathamangitsidwa, ena chimanjamanja? Agogo athu a Wenela ankapita ndi kontilakiti m'manja, komabe mu 1974 ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, mpaka Kamuzu analetsa ulendowo. Njira ya ku Joni sinakhalepo yoti munthu n'kuiganizira chipanda chili pakamwa.

Lero mng'ono wanga masiku ake 30 anatha kalekale. Amagona m'kachisakasa ndi anzake anayi, akapeza ganyu yosakaniza simenti ndiye kuti kwacha bwino. Mnzake uja anasamukira ku Cape Town, foni yake imangoitana. Sindikuti anathawa. Nayenso ali ndi phukusi lake loti asenze, ndipo mwambiwu ukunena zomwezo.

Wina anena kuti mutu umodzi susenza denga, ndiponso kuti nyumba zambiri zamalata ku Mangochi zinamangidwa ndi ndalama za ku Joni, anthu ake atatengana paubwenzi. Chabwino, ndavomera, ngakhale kuti timawerenga nyumba zokha osawerenga matchona amene akazi awo anatopa n'kudikira. Ndivomerenso kuti ineyo ndinabwereza mayeso a MSCE ndili bambo wa ana awiri chifukwa mnzanga wina anandiumiriza tikumwa thobwa pansi pa mtengo wa mango. Koma iye atamaliza kulankhula anati, “Pitani mukagone nazo, mukafunsenso mayi a kunyumba.” Anandibwezera phukusi langa m'manja. Anzathu otere alipo, koma ndi owerengeka, ndipo sapezeka kawirikawiri pamene mowa ukugulidwa ndi munthu mmodzi.

Choncho mlandu waukulu ndikuupereka kwa mng'ono wanga, ngakhale ndi magazi anga. Alamu anamva za kugulitsa njinga wogula atafika kale pakhomo. Munthu amene wakhala nawe m'nyumba zaka zisanu ndi zitatu osamufunsa, koma wa pachipanda n'kumumvera usiku umodzi, kumeneko si kulimba mtima.

Imwani chimene mumakonda, chezani ndi anzanu, mverani malangizo awo. Koma nkhani yogulitsa munda, yosiya ntchito kapena yowoloka malire, kaiganizireni kunyumba m'mawa mutasukusula, pamodzi ndi amene adzagone ndi njala zikadzavuta. Njinga ija ndimaiona tsiku lililonse pasiteji ya pamsika, akuyendetsa mnyamata wina, ndipo ana ake akudya.