Ploti mukumangapoyo ili m'dzina la yani?

Adzukulu anga, mitambo yayamba kuda, ndipo ndakuonani mukututa mabuloko ndi simenti kuti mulimbitse makoma mvula isanafike. Mwachita bwino. Koma ikani kaye fosholo pansi mundiyankhe: ploti mukumangapoyo ili m'dzina la yani?

Ine ndinafika ku Kanyama kuchokera ku Katete ndili mnyamata, ndipo chigumula cha 1978 ndinachiona ndi maso angawa. Kanyama anakhala pamwala. Ukakumba pang'ono khasu lalira, ndiye mvula ikachuluka madzi amasowa kolowera. Nyumba zathu zinali za zidina. Khoma linkayamba kunyowa m'munsi, kenaka kufewa ngati phala, pakati pa usiku n'kungomva kuti khuu! kwa anzathu, ana akulira. Madzi ataphwa panalibe chosonyeza kuti apa n'pa uje, apo n'pa uje. Mpanda wa udzu unapita, mtengo wa papaya umene unali malire unagwa. Anthu amene dzulo lake ankapemphana mchere anayamba kulozana zala chifukwa cha mapazi atatu a dothi. Ambiri a ife malowo tinachita kupatsidwa pakamwa ndi atcheyamani, ndipo pakamwa panalibe chidindo.

Lamulo lotiteteza linalipo kale. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lolola kuti makomboni azivomerezedwa, ndipo m'zaka zomwezo George ndi Chawama analandira misewu ndi mipopi ndi ngongole ya World Bank. Komboni ikavomerezedwa, khonsolo ya Lusaka imapereka pepala lotchedwa occupancy licence, la zaka 30, loti likatha mumakalitenganso. Lamulo la 2015 linalowa m'malo mwa lakalelo, koma pepalali lidakalipo. Musalisokoneze ndi taitolo ya zaka 99 ya ku Unduna wa za Malo. Pepala la khonsololi ndi laling'ono, limangonena kuti pamene payima nyumbayo ndinu ololedwa kukhalapo. Komabe tsiku la mlandu limamveka kuposa kakalata ka makada a chipani, ngakhale atakadinda kawiri.

Mu 2010 madzi atamiza Misisi, Kuku ndi mbali ina ya Chawama, boma linasamutsira anthu m'matenti pafupi ndi Independence Stadium. Mlamu wanga, mkazi wa malemu mng'ono wanga, anali m'gulumo ndi ana ake anayi. Mwamuna wake anagula ploti yawo ndi kalata yolemba pamanja, ndipo ankaisunga pansi pa bokosi la malata pamodzi ndi suti yake ya ukwati. Tinalitsegula limodzi bokosilo. Inki inali itasungunuka, pepala litamatirira ku nsalu, moti pokoka linangonyenyeka m'zala. Pobwerera kunyumba anapeza munthu wina wakumba kale maziko pa theka la bwalo lake, pamene panali chimbudzi ndi kadimba ka repu. Wogulitsa uja anali atamwalira, mboni imodzi itabwerera kumudzi. Mlamu analira, tinayenda uku ndi uku, koma thekalo silinabwerere. Mpaka lero ndimadziimba mlandu, chifukwa zaka zonse zija ndikanamugwira dzanja mng'ono wanga n'kupita naye ku khonsolo, ku Civic Centre, kukalembetsa.

Inuyo musachedwe monga tinachedwera ife. Ngati munagula nyumba ndipo pepala likadali m'dzina la wogulitsa, pitani naye ku khonsolo akadali moyo, dzina lisinthidwe. Ndalama ya malo imene khonsolo imalipiritsa muzilipira, malisiti ake musataye ngakhale limodzi. Akulungeni mu pulasitiki, muwapachike kudenga osati pansi pa bedi. Muli ndi mafoni: jambulani tsamba lililonse, mutumize kwa mbale wanu wa ku Chipata kapena ku Kabwe. Pamakona a ploti kwirirani zitsulo ndi simenti, oyandikana nawo ali pomwepo akuona.

Atsikana, mvetserani bwino apa. Mukamathira ndalama zanu za salaula kapena za kumsika wa Soweto pa khoma, dzina lanu lilowenso papepala. Kumeneko si kumuchitira mwano mwamuna. Lamulo la 1989 limanena kuti munthu akamwalira osalemba wilu, ana amalandira 50 pa 100 ya chuma, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ena amene ankadalira malemuyo 10. Nyumba imakhala ya ana ndi wotsalayo, ndipo wamasiye amakhalamo moyo wake wonse pokhapokha akakwatiwanso. Achibale akabwera ndi loko watsopano nyumba itagwa, kunena kuti amanga okha, musakangane nawo pabwalo. Pitani ku polisi, ku Victim Support Unit, ndipo ngati mlandu wakula a Legal Aid Board alipo.

Anyamata, inu vuto lanu ndi ploti zotchipa. Munthu akakusonyezani malo m'dambo, m'mphepete mwa ngalande kapena pafupi ndi maenje a madzi a ku Misisi, mu Ogasiti pamaoneka pouma bwino. Kafunseni agogo a pamenepo kuti mu Febuluwale madzi amafika pati. Madzi saiwala khwawa. Pamalo oterowo chimbudzi chimasefukira m'chitsime, monga tinaonera kolera wa 2017 ndi 2018 kuno ku Kanyama, ndipo nyumba ikagwa simudzapeza ofesi yokulembani kuti mumangenso.

Simentiyo idikire tsiku limodzi. Lolemba m'mawa tengani NRC yanu ndi mapepala onse amene muli nawo, mudzandipeze pa siteshoni ya mabasi. Miyendo yanga yatopa, koma ku Civic Centre ndikakuperekezani.