Mayi a m'ndakatulo yanu akadzakhala pampando wakutsogolo

Tiyerekeze kuti ndinu wophunzira ku Chirunga, ku Zomba. Malo ogona pasukulu anachepa kalekale poti ophunzira akuchulukirachulukira, ndiye mukuchita lendi kachipinda ku Chikanda. Eni nyumba ndi mayi amasiye, ogulitsa mandasi. Usiku wina mwawamva kuseri kwa khoma akulira, akudandaulira mwana wawo za ngongole ya banki m'khonde. Tulo tabalalika, mwatenga cholembera. Ndakatulo yatuluka bwino, mwina kuposa zonse zimene munalembapo, ndipo Loweruka mukailakatula pagulu pasukulu pomwepo.

Kodi mayi aja mungawaitane kuti adzamvere?

Ambirife tingayankhe msanga kuti eya. Si ndiye zimene timalalikira masiku ano, zoti sukulu yaukachenjede izitsegula zipata, anthu oyandikana nayo azibwera kudzamva zolembedwa? Koma tadikirani kaye. Ngati ndakatuloyo ili m'Chingelezi chimene iwo sachimva, mwawaitana kudzadzaza mpando basi, adzaombe m'manja poona ena akuomba. Ngati ili m'Chichewa, adzamva ngongole yawo ikulengezedwa pamaso pa alendo, mwinanso pa anansi awo amene mwawaitana limodzi.

Akuluakulu athu anali ndi chifukwa chobisira mawu. Gulu la alembi la Chancellor College linayamba mu 1970, koleji ikadali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba mu 1973, ndipo munadutsa anthu ngati Jack Mapanje, Frank Chipasula ndi Lupenga Mphande. Nthawi imeneyo lamulo la 1968 lounika mabuku linali kuluma, makutu a boma ali paliponse. Ankalemba mophiphiritsa kuti womva amve, wosamva adutse. Ngakhale zinali choncho, Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu, konko ku Zomba, kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Iwowo ankabisalira boma. Nanga ife lero tikubisalira ndani? Chingelezi sindikuchinyoza ayi, nane ndimalembamo. Kungoti nthawi zina ndimadzikayikira kuti ndathawiramo poopa kuti mwini nkhani angandimve.

Kumbukirani mmene agogo ankasimbira nthano. Akati padangokhala, ankadikira kuti ana tivomere kuti tili tonse. Tikangoti zii, nthano inkathera pomwepo. Womvera anali ndi mphamvu, ngakhale yoimitsa wosimba n'kumuuza kuti dzulo simunatero. Muholo mulibe zimenezo. Inu muli pansanja ndi maikolofoni, mayi aja ali pansi ndi chitenje chawo chakutchalitchi, ndipo dongosolo lawapatsa ntchito imodzi yokha: kuomba m'manja. Kuwaitana kotereku kumatipangitsa kumva ngati tabweza ngongole, pomwe tangosonyeza mwini mbuzi mmene taiwotchera bwino.

Ndikudziwa wina wayamba kale kung'ung'udza. Akuti mlembi akamapempha chilolezo kwa aliyense amene wamulemba, ndiye kuti kulemba kwatha. N'zoona, ndipo sindikunena kuti mukagogode kwa nduna yakuba musanaidzudzule. Koma nduna ili ndi maloya, ili ndi wailesi yoti ikakuyankhireni. Mayi aku Chikanda ali ndi chiyani? Misozi ija simunapatsidwe, munaimva chifukwa khoma ndi lopyapyala, ndipo khomalo ndi lopyapyala chifukwa cha umphawi womwewo umene ukukometsa ndakatulo yanu. Kusintha dzina kumathandiza kwa alendo, koma osati kwa anthu otunga madzi pampopi umodzi.

Ine ndikadakhala inu, ndikadayamba ndi pakhonde, Lachisanu madzulo mafuta a mandasi akuzizira. Ndikadati, "Amayi, ndalembako kenakake, ndimati mumve inu kaye." Mwina angaseke n'kunena kuti, "Mwana iwe, ndalama zake sizinali zimenezo," n'kukukonzerani mzere. Mwina angapemphe kuti adzabwere ndi anzawo a banki m'khonde, n'kudzayankha okha holo yonse ikumva.

Mwinanso angakhale chete, kenaka n'kunena motsitsa mawu kuti, "Zimenezo zisatuluke m'nyumba muno." Apo dzina lanu lili kale pandandanda wa olakatula, anzanu mwawauza kale kuti mawa kuli moto, ndipo lendi ya mwezi uno simunalipire.