Ulova Si Mpumulo: Nkhani ya Pamphala ku Kabwe

Ku Kabwe, m'komboni ya Kasanda imene inayandikana ndi mgodi wakale, kulibe mphala monga tiidziwira kwathu ku Katete kapena ku Chadiza. Koma pansi pa chisakasa cha malata, pamene amuna ochokera kum'mawa amasonkhana madzulo kusewera nsolo, mawu a akulu amatsikirabe kwa anyamata monga kale. Tsiku lina Lamulungu, dzuwa litapendeka, mnyamata wina anafika thupi lonse lili mbuu ndi fumbi, ndipo agogo ake, amene anakalambira pa ntchito ya mumgodi, anamkodola kuti akhale pafupi.

"Wachokera kuti, mdzukulu wanga, pa tsiku lotere, anzako atavala zoyera?"

"Ndachokera ku Black Mountain, agogo, kokumba miyala ya mtovu yoti ndigulitse. Mundikhululukire, koma mimba siidziwa Lamulungu. Inu munali ndi malipiro a pamwezi, kupuma kunali kwanu. Ife mgodi unatsekedwa mu 1994 tisanabadwe, fakitale ya nsalu ya Mulungushi inaima mu 2007, ndipo a njanji salembanso anthu monga kale. Anzanga ambiri angoti khale chaka chonse. Ngati kupuma ndiko kukondweretsa Mulungu, ndiye kuti Kabwe yense ndi woyera mtima."

Amuna aja anaseka, koma nkhalambayo inayamba yatsiriza kugawa nsomo zake m'maenje, kenaka inayankha.

"Lilime lako ndi lakuthwa, ndipo sindilida. Koma ulova si mpumulo. Munthu wosowa ntchito, ngakhale agone kufikira dzuwa litafika paliwombo, amadzuka wolema kuposa iye amene anagwira khasu, pakuti mtima wake wachezera usiku wonse kufunafuna kumene ufa udzachokere. Lamulo la pa Eksodo 20 lisanaletse ntchito pa tsiku lopuma, liyamba lapatsa munthu masiku asanu ndi limodzi a ntchito. Chotero amene alandidwa ntchito alandidwanso mpumulo, ndipo tchimo limenelo si la mlova ayi. Taonanso pa Deuteronomo 5, pamene lamulo lomwelo libwerezedwa: chifukwa chimene apatsidwa ana a Israyeli ndicho chakuti anali akapolo ku Aigupto, motero wantchito wao, ngakhale ng'ombe ndi bulu, azipuma monga mbuye wao. Lamuloli lilemera poyamba pa phewa la wolemba anzake ntchito."

"Nanga m'masiku anu ankalisunga?"

"Mzinda uno sunamangidwe ndi anthu odziwa kupuma. Mtovu ndi zinki zinapezeka kuno mu 1902, malowa natchedwa Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, ndipo anthu anakhamukira kuno kuchokera ku Fort Jameson, ku Nyasaland ndi ku Lubemba. Ng'anjo yosungunulira mtovu sinkadziwa usana kapena usiku, ndipo shifiti ikakugwera pa tsiku la Ambuye, unkavala chisoti ndi majombo, belu la tchalitchi likulira kumbuyo kwako. Makolo athu ena anapatsidwa minda ya maekala asanu kuti adzilimire chakudya, ndipo tsiku limene akadapumula linkathera pa mizere. Komabe ndikumbukira atate anga, amene akapeza Lamulungu laufulu ankatulutsa jekete lao m'bokosi, nalisita ndi nsimbi ya makala, natitsogolera ku mapemphero akuyenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo; ndipo pa tsiku limenelo kapitao akakumana nao pa njira, ankapatsana moni monga amuna awiri olingana.

"Ndipo pali china chimene ndachilingalira zaka zambiri. Pa Levitiko 25 nthaka nayo ilamulidwa kupuma chaka chachisanu ndi chiwiri. Nthaka ya kuno inakumbidwa zaka pafupifupi 90 osaipumitsa, ndipo lero fumbi lake la mtovu lili m'mabwalo a Kasanda, Makululu ndi Chowa, lili m'magazi a ana amene amasewera pansi. Sindine mneneri kuti ndinene kuti ndi chilango. Ndingoti walira mvula walira matope, koma tsoka lake nlakuti olira mvulayo anapita kwao, matope natsalira ife."

Mnyamata anakhala chete kanthawi, napukuta nkhope yake ndi chipewa, nafunsanso. "Tsono kupuma kwa Mkhristu ndiko kukhala m'tchalitchi tsiku lonse? Mpira, nsolo iyi, zonsezi nzachabe?"

"Iyayi, usamsandutse Mulungu kapitao wachiwiri. Pa Marko 6 Ambuye anapatula ophunzira ake kupita nao kwa okha, chifukwa khamu linawapanikiza kufikira anasowa ndi mpata wakudya. Ndipo ku ukwati wa ku Kana sanapiteko kukalalikira. Ife tinkatuluka m'mapemphero n'kulunjika ku bwalo la njanji kukaona Kabwe Warriors, ndipo mu 1972, chaka chimene Godfrey Chitalu anamwetsa zigoli 107, akulu a mpingo omwe ankabwerera kwao mawu atasasa. Za kuti tsikulo ndi Loweruka kapena Lamulungu, tikangane tsiku lina ndi abale athu a Sabata. Muyeso wanga ndi uwu: chisangalalo chimene chikubweza ku ntchito Lolemba uli ndi mphamvu, wopanda ngongole, wopanda manyazi pamaso pa amako, nchochokera kwa Mulungu. Koma kubetcha mpira pa foni kumene ndikuona masiku ano, mnyamata maso ali tong'o pa kagalasi mpaka atambala, mtima uli m'mwamba chifukwa cha makwacha amene anakumbira sabata lathunthu, kumeneko ndiko kulowa shifiti ina yopanda malipiro. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

"Zamveka, agogo. Koma simunandiyankhe: ndikapuma, ndidzadya chiyani?"

"Funso lako ndi lolemera, ndipo sindikunamiza kuti mana adzagwa ku Kasanda. Pa Eksodo 16 anthu ankatola muyeso wowirikiza tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndiye kuti chakudya cha tsiku lopuma chinkakonzedwa lisanafike. Pa zimene ugulitsa tsiku lililonse patula kangachepe, ulowe chilimba ndi anzako okhulupirika. Ndipo ife akulu a mpingo, amene timadzudzula anyamata okumba pa Lamulungu nkhokwe zathu zili zotseka, tili ndi mlandu wathu woti tiyankhe. Sabata likudzali nsima ya Lamulungu udzadye kwanga. Tsopano nyamuka ukasambe, ndipo zovala za kuphirizo uzivulire panja, usalowe nazo m'nyumba mmene mukukwawa mwana wa mlongo wako."