Kutola Chithunzi: Kodi Chotolacho N'cha Yani?

Chichewa chathu chili ndi mawu awiri onena za ntchito ya kamera. Timati "kujambula", mawu omwenso timanena mwana akamalemba bwato pamchenga ndi chala. Timatinso "kutola chithunzi". Mawu achiwiriwa ndi oyenera kuwalingalira. Munthu amatola chinthu chimene sanapange yekha, chimene wachipeza panjira, monga ndalama yogwa m'thumba la wina popita kumsika. Ife Asilamu tikudziwa kuti m'Shariya chotola chili ndi malamulo ake: chikakhala chamtengo, wotolayo amachisunga ndi kuchilengeza kwa chaka chathunthu, pakuti chili ndi mwini wake. Lero makomo ambiri kuno kunyanja ali ndi foni yojambula, ndipo zithunzi zikutoledwa kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Nthawi yakwana yoti tidzifunse kuti zimene tikutolazi n'za yani, ndipo zikutisandutsa anthu otani.

Tiyambe ndi ubwino wake, pakuti ulipo ndithu. Nthenda ya munthu wokhala pamalo okongola ndi kuzolowera. Ife obadwira m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota ndi Salima mpaka ku Mangochi ndi Makanjira, timadzuka nyanja ili pomwepo, ndipo timaiyang'ana pofuna kudziwa ngati mwera waleka ndi ngati asodzi abwerako ndi kanthu. Pomwepo alendo amalipira ndege kuchokera kumaiko akutali kudzaona mbuna ku Chembe, tinsomba timene ana athu amasambira nato osaticheukira n'komwe. Mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika Lake Malawi National Park m'kaundula wa malo ofunika ku dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha mitundu mazanamazana ya nsomba imene sipezeka kwina kulikonse. Akale adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Diso lake limadabwa pamene lathu lidagona kalekale.

Qur'an yolemekezeka imautcha mkhalidwe umenewu ghaflah, kunyalanyaza kwa mtima umene ukuyenda pakati pa zisonyezo koma osaziwerenga. M'Chiarabu liwu lakuti ayah limatanthauza ndime ya Qur'an, ndipo limatanthauzanso chisonyezo cha m'chilengedwe. Sura ya Al-Ghashiyah imauza anthu kuti ayang'ane ngamira, thambo, mapiri ndi nthaka. Kwa Mwarabu wa nthawi ya Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), ngamira inali ngati bwato kwa ife, chinthu chimene ankachiona tsiku ndi tsiku mpaka kuleka kuchiona. Sura zina zidatenga mayina a ng'ombe, njuchi, nyerere ndi kangaude. Choncho kuyang'anitsitsa chinthu wamba ndi ntchito imene chipembedzo chathu chidatipatsa kamera isanaganiziridwe.

Ngakhale kamerayo ili ndi muzu wake kwathu. Zaka pafupifupi 1,000 zapitazo kunali katswiri wachisilamu dzina lake Ibn al-Haytham, amene adabadwira ku Basra cha m'ma 965 namwalira ku Cairo cha m'ma 1040. Akatswiri ambiri akale, motsatira Euclid ndi Ptolemy, ankakhulupirira kuti diso limatulutsa cheza chimene chimapita kukakhudza chinthu, ngati munthu wofufuza njira ndi ndodo mumdima. M'buku lake lotchedwa Kitab al-Manazir, Ibn al-Haytham adasonyeza kuti kuwala ndiko kumachokera pa chinthucho n'kulowa m'diso. Adayatsa nyali zingapo kunja kwa malo amdima okhala ndi kabowo kamodzi. Pakhoma la mkati panaoneka madontho a kuwala ofanana chiwerengero ndi nyalizo, ndipo akaphimba nyali imodzi, dontho lake lokha ndilo linkazima. Dzina lakuti kamera lidachokera ku mawu a Chilatini akuti camera obscura, kutanthauza chipinda chamdima chotere.

Zimene adapezazi zili ndi phunziro loposa sayansi. Diso ndi khomo lolandirira alendo. Kuwala sitidakulenge, nyanja sitidaikumbe, ndipo diso lenilenilo tidangolipeza lili pankhope. Kuona kulikonse ndi kulandira, ndipo wolandira amathokoza.

Kulandira kumafunanso kudekha. Chithunzi chakale kwambiri cha kamera chimene chidakalipo mpaka lero adachitola Nicéphore Niépce ku France cha m'ma 1826 kapena 1827. Pachithunzipo pali madenga a nyumba za pakhomo pake monga ankaonekera pazenera, ndipo kuwala kunafunika kulowa kwa maola osachepera 8. Mu 1838 Louis Daguerre adajambula msewu wa Boulevard du Temple mumzinda wa Paris. Unali msewu wa piringupiringu, koma pachithunzipo ukuoneka wopanda anthu, chifukwa kamera inkafuna mphindi zingapo, ndipo chilichonse choyenda, ngolo ndi akavalo omwe, chidafufutika. Adatsala anthu awiri pakona: wina wopukutitsa nsapato, ndi amene ankamupukutira. Amene adaima ndiwo adaoneka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Foni zathu zimatola zithunzi 20 m'kanthawi kochepa, ndipo nthawi zambiri sitibwereranso kukayang'ana ngakhale chimodzi.

Pali zimene tingayese pakhomo, pamodzi ndi ana athu, kuti foni idzutse diso. Choyamba, tisankhe mtengo umodzi, kaya mlambe wa padoko kaya mango wa kuseri kwa nyumba, tiujambule kasanu patsiku limodzi, pa nthawi za Swala, titaima pamalo amodzimodzi. Nthawi zimenezi zimawerengedwa ndi kuwala: Fajr kum'mawa kukayamba kuyera, Dhuhr dzuwa likapendeka kuchoka paliwombo, Asr mthunzi wa chinthu ukaonjezera utali wa chinthucho pa mthunzi wa masana, Maghrib dzuwa likalowa, Isha kufiira kwa kumadzulo kukatha. Chithunzi chachisanu chidzakhala mdima, mwina ndi nyali za asodzi a usipa zitandandalika patali. Makolo athu ankadziwa nthawi zonsezi opanda wotchi. Mwana akaika zithunzi zisanuzo pamodzi adzazindikira yekha kuti "chithunzi" ndi "mthunzi" ndi mawu apachibale, ndiponso kuti Msilamu adaphunzitsidwa kuwerenga kuwala kasanu patsiku.

Chachiwiri, tijambule nsapato zimene zimatsala pakhomo la mzikiti tsiku la Jumu'ah: mapatapata osokedwa ndi waya, nsapato zachikopa zopukutidwa bwino, tinsapato ta ana totayidwa mothamanga. Eni ake onse ali m'kati, phewa ndi phewa, pamzere umodzi. Chachitatu, tijambule manja okha, eni ake atalola: a agogo akupeta mpunga m'lichero, a bambo akusoka chilimira, a mwana akutsata zilembo ndi chala ku madrasa. Chachinayi, titsatire usipa kuchokera mu ukonde, kupita pathandala, mpaka m'mbale, tiwerenge kuti wadutsa m'manja angati tisananene Bismillah. Ndipo tsiku lina tisiye foni m'nyumba, aliyense adzafotokoze madzulo chinthu chimodzi chimene waona lero chimene sadachionepo chikhalire. Tsiku limenelo ndilo lidzatiuze ngati diso laphunzira.

Koma chotola chili ndi mwini wake, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikulemera. Mtengo sudandaula ukajambulidwa. Munthu ali ndi nkhope, ulemu ndi chinsinsi, zimene Allah adampatsa iyeyo. Tonse taonapo zimene zimachitika bwato likagubuduzika kapena galimoto ikagwa pamsewu. Manja amene akadatambasuka kukathandiza amathamangira m'thumba. Mtembo usanafunditsidwe n'komwe, chithunzi chake chafika kale m'magulu a WhatsApp, ndipo mayi amamva za imfa ya mwana wake kudzera pafoni ya mnansi, nkhope ya mwanayo ili pamtunda. Ife amene timasambitsa maliro mobisa, osankha anthu okhulupirika kuti asaulule zimene aona, n'kuwaveka sanda mwaulemu, tikulola bwanji kuti foni ivule amene chipembedzo chatilamula kuti timuveke? Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Padoko napo pamafunika diso lamanyazi. Kumeneko amayi amachapa ndi kusambitsa ana, ndipo kuwala kwa m'mawa kumakhala kokongola kwenikweni. Kukongolako sikupereka chilolezo. Sura ya An-Nur imatiphunzitsa kupempha chilolezo tisanalowe m'nyumba ya wina, ndi kutsitsa maso, amuna ndi akazi omwe. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adafotokoza kuti lamulo la kuodira lidaikidwa chifukwa cha maso. Sura ya Al-Hujurat imaletsa ukazitape ndi miseche. Chithunzi chotoledwa mobera n'kutumizidwa kuti anthu aseke ndi miseche imene sifuna pakamwa, ndipo imayenda kutali kuposa ya pachitsime. Mawu amaiwalika pakapita masiku, koma chithunzi chikalowa m'mafoni a anthu, ngakhale wochitolayo atalapa sangachibweze.

Pali nkhani ina yovutirapo, chifukwa imachitika ndi mtima wabwino. M'mwezi wa Ramadhan ndi pa nthawi ya nyama ya Qurbani, thandizo limafika m'midzi yathu, ndipo nthawi zambiri limabwera ndi kamera. Mayi wamasiye amaimikidwa atanyamula thumba la ufa kuti ajambulidwe. Ogawawo ali ndi chifukwa chomveka: amene adapereka ndalama ali kutali, akufuna umboni kuti thandizo lafika, ndipo popanda umboni mwina chaka chamawa sadzaperekanso. Chifukwachi sitingachinyoze. Komabe tidzifunse: kodi munthu wanjala angakane kujambulidwa thumba lili patsogolo pake? "Inde" wake ndi wa mimba. Sura ya Al-Baqarah imachenjeza kuti sadaka imaonongeka ndi kukumbutsa komanso kupweteka wolandira. Umboni ungapezeke m'njira zina. Tingajambule matumba, manja olandira, kaundula wosainidwa ndi amfumu. Ndipo ngati nkhope ikufunikadi, tipemphe munthuyo atalandira kale chake, akudziwa kuti akakana palibe chimene ataye.

Ena adzati zithunzi za mavuto ndizo zimadzutsa dziko, ndipo akunena zoona. Madzi osefukira akakokolola midzi, chithunzi chimafika kumene kalata sikadafika. Adzatinso chithunzi chimalumikiza mabanja, ndipo ife a kuno tikudziwa zimenezi kuposa ena, pakuti abale athu ambiri ali ku Joni, ndipo bambo amaona mwana wake akuyamba kuyenda kudzera pafoni. Zonsezi ndi zabwino zimene sitiyenera kutaya. Muyeso wake ndi umodzi: chithunzicho chikutumikira amene ali pachithunzipo, kapena amene wachitola? Nyumba yogwa ingajambulidwe mwini wake atalola, kuti athandizidwe. Mtembo wa mwana wake ndi woti ufunditsidwe. Tidaphunzitsidwa kuti wobisa manyazi a Msilamu mnzake, Allah adzabisa ake padziko lino ndi pa Tsiku la Chiweruzo.

Tikudziwanso kuti maulama adasiyana maganizo pa zithunzi za zamoyo. Ambiri a m'nthawi yathu amasiyanitsa chithunzi cha kamera ndi fano losema kapena chojambula pamanja, ponena kuti kamera imangogwira kuwala monga kalilole. Ena amapewa, kupatula pa zofunika monga chiphaso cha unzika ndi pasipoti. Aliyense afunse masheikh amene amawadalira, ndipo tisanyozane pa zimene odziwa adasiyanapo. Koma pa mitengo, madzi, mapiri ndi thambo palibe mkangano, ndipo Ibn Abbas (Allah asangalale naye) adalangiza munthu wina amene ankadyera ntchito yojambula kuti azijambula mitengo ndi zopanda mzimu. Ngakhale wosamala kwambiri pakati pathu ali ndi nyanja yonse, mitambo ya nkhungu ikufuka pamadzi ngati utsi, ndi minda ya mpunga ikupsa.

Sura ya Al-Isra imatikumbutsa kuti makutu, maso ndi mtima zidzafunsidwa. Foni ndi diso lachitatu limene tidagula ndi ndalama zathu, ndipo funso lake lidzagwera ife. Tisanadine, tiime pang'ono ngati anthu awiri aja a ku Paris, tidzifunse mafunso awiri. Kodi chinthuchi tachionadi, mpaka mtima wanena Subhanallah? Nanga mwini wake walola? Ana athu akuphunzira kugwira foni poona mmene ife tikuigwirira, paukwati, pamaliro ndi padoko. Allah atipatse maso othokoza ndi manja odziwa kufunditsa. Ameen.