Chifukwa Chake Adamu Anaumbidwa Yekha

Adzukulu anga a kuno ku Nachisaka, sabata yatha ndinali pabwalo la amfumu kumvera mlandu wa malire a dimba. Mnyamata wina wa msinkhu wanu womwewu anaimirira kuchitira umboni amalume ake. Mafunso atamupanikiza, anasiya za malire n'kuyamba kunena kuti winayo asamalimbe mtima, popeza agogo ake anali obwera, malo anachita kupempha. Ena anaomba m'manja. Ine ndinabwerera kunyumba mtima ukundipweteka, ndipo usiku umenewo ndinakumbuka chiphunzitso cha Ayuda chomwe ndinachipeza kalekale m'mabuku amene abusa ena ankandibwereka.

Mabuku asanu a Mose, kuyambira Genesis mpaka Deuteronomo, Ayuda amawatcha Torah. Ife tinawalandira pamodzi ndi Baibulo lonse m'chinenero chathu mu 1922, Buku Lopatulika litatuluka, patapita zaka 33 chiyambire mishoni ya Mvera m'boma lathu lino la Dowa. Koma eni ake anali atawawerenga kwa zaka zoposa 2,000, akuima pa liwu lililonse n'kulifunsa mafunso. Cha m'ma 200 A.D., Rabbi Yehuda HaNasi anasonkhanitsa ziphunzitso za akuluakulu awo m'buku lotchedwa Mishnah. M'gawo lake la milandu, Sanhedrin, muli funso ili: Mulungu akanatha kuumba khamu la anthu tsiku limodzi, nanga anaumbiranji mmodzi yekha?

Chimene chimandigwira mtima ndi malo amene funsoli limayankhidwira. Sikunali pa ulaliki ayi. Kunali pabwalo la milandu, pochenjeza mboni pa mlandu woti munthu akhoza kuphedwa. Oweruza ankayamba aikumbutsa mboniyo kuti mlandu wa chuma ukalakwika pamakhala kubweza, koma moyo subwezedwa, ndipo wonama amasenza magazi a wophedwayo pamodzi ndi a ana onse amene akanabadwa mwa iye. Yankho loyamba ndi limeneli: anthu tonsefe tinatuluka mwa mmodzi. Ndiye kuti munthu aliyense ali ngati njere ya mbewu: m'dzanja ikuoneka imodzi, koma m'kati mwake muli nkhokwe. Ine ndinaonapo gogo wina akuthamangitsidwa m'mudzi, nyumba yake itagumulidwa, chifukwa mwana wina ananena kuti anamulota akumutenga usiku. Amene anagenda anali anyamata. Palibe mmodzi anaima kufunsa kuti umboni wake uli kuti.

Yankho lachiwiri ndi lija ndinalakalaka mnyamata wa pabwalo uja atalimva. Akuti Adamu anaumbidwa yekha pofuna mtendere pakati pa anthu, kuti pasapezeke wodzitukumula ndi makolo ake pamaso pa mnzake. Mukalondola mzere wa amfumu ndi mzere wa waganyu wawo, mukakumana pakhomo limodzi. Mphunzitsi wina wa Ayuda, Rabbi Meir, anaonjezera kuti dothi loumbira munthu woyambayo linatoledwa m'dziko lonse lapansi, osati pamunda wa mtundu umodzi. Makolo athu Achewa nawonso ankaloza malo amodzi, Kaphirintiwa ku Dzalanyama, kuti ndi kumene mapazi a anthu oyamba anadinda pamwala.

Nanga wobwera ndani? Aphiri ndi Abanda amene timawatcha eni nthaka, mbiri yawo imati anachokera kutali ku Uluba. Angoni a Chiwere anafika m'mapiri ano m'zaka za m'ma 1800, lero ndi amalume athu ndi apongozi athu. Kuyambira 1994 ku Dzaleka kwakhala anthu othawa nkhondo ku Congo, Burundi ndi Rwanda, pamalo pomwe kale panali ndende ya andale. Ndimakumvani pamsika mukuwatchula ndi mawu onyoza. Lekani zimenezo, ana inu.

Koma musaganize kuti kuchokera mwa mmodzi ndiko kufanana. Mishnah yomweyo imapereka fanizo la ndalama zachitsulo: munthu akadinda zambiri ndi chidindo chimodzi, zonse zimatuluka chimodzimodzi, pomwe Mulungu anadinda anthu onse ndi chidindo cha Adamu koma palibe awiri ofanana. Wa kudambwe ndi wa kukwaya, tsono, atha kusiyana maganizo mpaka kukalamba, osasiya kukhala abale. Pamaliro sipoyenera kulimbirana mtembo.

Luso losiyana maganizo popanda chidani Ayuda amaliphunzira pa buku. Mpaka lero m'sukulu zawo za Torah amawerenga awiriawiri, njira yotchedwa havruta. Wina awerenga mokweza n'kufotokoza, mnzake n'kumutsutsa, akuloza mzere umene waudumpha. Phokoso lake limakhala ngati la tsiku la msika. Ophunzira a aphunzitsi awiri akale, Hillel ndi Shammai, anatsutsana pa nkhani mazanamazana, ngakhale za ukwati umene, komabe ankakwatirana, ndipo olemba anasunga maganizo a mbali yogonja pambali pa a mbali yopambana. Apa ndi pamene ife timaperewera. Mwana wathu amaloweza zolemba za aphunzitsi kuti akhoze mayeso, ndipo tsiku limene munthu amutsutsa koyamba amamva ngati watukwanidwa. N'chifukwa chake mnyamata uja mafunso atamuthera anathawira ku mtundu wa mnzake.

Pezani mnzanu mmodzi, makamaka amene simumvana naye pa zambiri. Tengani buku, kaya ndi Genesis kaya ndi la zaulimi, muziwerenga tsamba limodzi madzulo mukaweruka kumunda, mukufunsana. Tsamba limodzi si laling'ono. Mu 1923 Rabbi Meir Shapiro wa ku Poland anayambitsa mwambo wowerenga tsamba limodzi la Talmud, buku lalikulu lofotokoza Mishnah, patsiku, ndipo masamba onse 2,711 amatha m'zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri ndi theka. Inu amene munalekezera Sitandade 6 musachite manyazi. Rabbi Akiva anali woweta nkhosa wosadziwa kuwerenga mpaka zaka 40. Akuti anaona mwala utaboworedwa ndi madontho a madzi, n'kuganiza kuti mutu wake suuma kuposa mwalawo. Anadzakhala mphunzitsi wamkulu wa m'badwo wake.

Za Aroni, mkulu wake wa Mose, Ayuda amasimba kuti anthu awiri akayambana ankapita kwa aliyense payekha, n'kukhala naye pansi mpaka mkwiyo utaphwa. Ndi ntchito ya ankhoswe imeneyo, ndipo ine ndaigwira zaka zambiri. Mlandu wa dimba uja auimitsa mpaka mwezi wamawa. Loweruka m'mawa ndikaonana ndi amalume aja, kukawakumbutsa kuti pamaliro a amayi awo chaka chatha, amene akumutcha wobwerayo ndiye anayamba kugwira khasu kumanda. Madzulo ake ndidzapita kwa winayo. Mnyamata uja ndamutumizira uthenga kuti adzandiperekeze maulendo onse awiri.